Fangayi wa chiwawu cha mpunga amaitenga kuti mphamvu asanalowe m'tsamba?

Mphukira_26
Akuluakulu, ndithandizeni. M'mabuku timawerenga kuti fangayi wodwalitsa mbewu amaba shuga wa mbewuyo n'kumuphwanya kuti apeze mphamvu. Koma tengani Magnaporthe oryzae, uja woyambitsa chiwawu cha mpunga chomwe ambiri amangochitchula kuti blast. Kambewu kake kamagwera pamwamba pa tsamba, pomwe pali phula ndi mame basi, shuga palibe. Komabe kamamera, kumanga kachotupa kolimba, mpaka kuboola khungu la tsamba. Mphamvu yochitira zonsezi kamaitenga kuti? Funso lachiwiri: ngati moyo wake wagona pa kuphwanya shuga, bwanji azoxystrobin, mankhwala opha fangayi omwe amati amatseka njira imeneyo, saoneka kugwira ntchito ngala zikayamba kale kuyera?

MlangiziWaDambo
Lachiwirilo n'lapafupi. Ngala ikayera ndiye kuti khosi lake, kaphesi konyamula ngalayo, lafa kale, ndipo palibe mankhwala odzutsa khosi lakufa. Loyambalo tiwasiyire a ku labu.

NamadziLab
A Mphukira, kambewuko sikabwera chimanjamanja, kamanyamula kamba wa paulendo. Kali ndi maselo atatu, ndipo m'maselomo mwasungidwa glycogen, yemwe ndi glucose wambiri wolumikizana, trehalose, yemwe ndi glucose awiri ogwirana, komanso timadontho ta mafuta. Kakagwa pa tsamba lonyowa kamatulutsa zomata kunsonga kwake n'kukakamira. M'maola awiri oyamba kamatulutsa kaulusi, ndipo pofika maola 4 mpaka 6 nsonga ya kaulusiko imayamba kufufuma kukhala chomwe timati appressorium. Kuyambira pamenepo zonse za m'kambewu zimasamukira m'kachotupako, ndipo maselo atatu aja amadzigaya okha mpaka kufa. Kufako n'kofunika: ofufuza atatseka majini oyendetsa kudzigayaku, fangayi analephera kudwalitsa mpunga.

M'kachotupamo mafuta amadulidwa ndi enzyme yotchedwa lipase, n'kupatukana kukhala glycerol ndi ma fatty acid. Glycerol amaunjikana mpaka 3.2 molar, kuchuluka kodabwitsa kwa selo imodzi. Khoma la kachotupako limakutidwa mkati ndi melanin wakuda, yemwe amalola madzi kulowa koma salola glycerol kutuluka. Madzi a mame amakokedwera mkati, ndipo mphamvu yokankha imakwera mpaka 8 MPa, pafupifupi kuchulukitsa ka 80 mphamvu ya mpweya wotizungulirawu. Pansi pa kachotupako pali kabowo kopanda melanin, ndipo mphamvu yonseyo imathera pamenepo, n'kukankha kamsomali kowonda kuboola khungu. Zonsezi zimatha mkati mwa tsiku limodzi.

Ma fatty acid aja amadulidwa makaboni awiriawiri kukhala acetyl-CoA. Wina amapita ku mitochondria, tizigawo ta selo topanga mphamvu, kukapanga ATP, chonyamula mphamvu m'selo, wina amamangira melanin yemwe uja, wina amadutsa njira ya glyoxylate kuti fangayi apange glucose watsopano womangira khoma la kamsomaliko. Jini ya ICL1, ya enzyme yaikulu ya njira imeneyi, ikachotsedwa, kumera ndi kuboola zimachedwa ndipo matenda amachepa kwambiri.

AphunzitsiABio
Achemwali, mwalongosola bwino, koma musapereke glycerol yense ku mafuta. Pakati pa glycolysis, njira yophwanyira glucose, pamatuluka dihydroxyacetone phosphate, ndipo kuchokera pamenepo glycerol ali pafupi, masitepe awiri okha. Glycogen ndi trehalose nawonso angathe kuthira m'mphika womwewo.

NamadziLab
N'zoona aphunzitsi, ma enzyme a njira ya shuga anapezekamo m'kachotupamo. Kungoti yomwe imakwera kwambiri nthawi yomwe kachotupa kakukhwima ndi lipase, n'chifukwa chake ndatsindika mafuta. Zimenezi zinachokera ku gulu la Nick Talbot ali ku Exeter, ndipo ndi gulu lomwelo lomwe linayeza glycerol uja mu 1997.

Mphukira_26
Ndiye kuti asanalowe amadalira kwambiri mafuta kuposa shuga? Nanga akalowa?

AphunzitsiABio
Akalowa nkhani imasintha, ndipo apa mpomwe glycolysis ya m'buku mwanu imagwira ntchito mokwanira. Shuga woyenda m'mitsempha ya mpunga ndi sucrose. Enzyme ya invertase imamudula kukhala glucose ndi fructose, ndipo fangayi amawakoka kudzera m'timakomo ta pa khungu la selo yake. Kukokako si kwaulere. Fangayi amawononga ATP kupopera ma proton kunja, ndipo ma proton pobwerera mkati amalowa limodzi ndi shuga. Motero amatha kutola shuga ngakhale pamene kunjako alipo wochepa kuposa mkati mwake.

Mkati mwa selo, hexokinase imawononga ATP imodzi kumatira phosphate pa glucose, kukhala glucose-6-phosphate. Pakatero sangatulukenso. Phosphofructokinase imawononga ATP yachiwiri, kenako shuga wa makaboni 6 amagawanika kukhala zidutswa ziwiri za makaboni atatuatatu. Kutsika kuchokera pamenepo kufika pa pyruvate kumabweza ATP 4 ndi NADH 2. Mukachotsa ziwiri munalowetsa zija, phindu ndi ATP 2 zokha pa glucose mmodzi.

Phindu lenileni lili ku mitochondria. Pyruvate amataya kaboni imodzi ngati carbon dioxide n'kukhala acetyl-CoA, yemwe amalowa m'njira yozungulira ya Krebs. Kumeneko makaboni otsala amatuluka ngati carbon dioxide, ndipo ma electron amanyamulidwa ndi NADH ndi FADH2 kupita ku magulu a mapuloteni a m'mitochondria otchedwa complex I, II, III ndi IV. Ma electron poyenda m'menemo, complex I imapopa ma proton 4, complex III 4, complex IV 2, zonse pamodzi 10 pa NADH imodzi, ndipo pamapeto okosijeni amalandira ma electron n'kupanga madzi. Ma proton pobwerera amazunguza ATP synthase, enzyme yopanga ATP. Mukawonkhetsa zonse mumapeza ATP pafupifupi 30 pa glucose mmodzi. Gwirani manambala awiriwa, 2 ndi 30, chifukwa yankho la funso lanu la mankhwala lagona pamenepo.

Chimera_Masese
Nanga si yisiti nayenso ndi fangayi? Iye amakhala ndi ATP 2 zomwezo ndipo amachulukana bwinobwino mu mbiya ya mowa. Chimuletsa n'chiyani wa mpungayu kuchita chimodzimodzi mukamutsekera mitochondria?

AphunzitsiABio
Yisiti wa mowa, Saccharomyces cerevisiae, ndi wapadera. Shuga akachuluka amasankha kupanga mowa ngakhale okosijeni alipo, ndipo complex I alibe n'komwe. Amapambana chifukwa amameza shuga mofulumira kwambiri, ndipo mowa womwe watulutsawo umapha opikisana naye. Koma onani kuti mu mbiyamo shuga wamukonzera ndinu. Chimera chili ndi amylase, yemwe amadula sitachi ya ufa kukhala shuga, ndipo popanda chimera yisitiyo sangachite kanthu ndi ufa. Kambewu ka Magnaporthe pa tsamba kalibe mwayi umenewo. Kamba wake ndi wochepa, ndipo mafuta sangapereke ATP popanda mitochondria ndi okosijeni. Palibe njira yofululira mafuta.

Chimera_Masese
Apo ndamva. Koma alipo ena odwalitsa mbewu omwe amapanga mowa?

NamadziLab
Alipo. Fusarium oxysporum, uja wofooletsa tomato ndi nthochi, amatha kupanga mowa kuchokera ku glucose ngakhalenso xylose okosijeni akachepa, ndipo amathanso kugwiritsa ntchito nitrate polandira ma electron. Kwa fangayi wokhala m'dothi lonyowa ndi m'mitsempha ya madzi ya mbewu, komwe mpweya ndi wochepa, luso limenelo n'lothandiza. Rhizopus woola mbatata nayenso amafulula.

Koma tibwerere pa glucose-6-phosphate, chifukwa aphunzitsi adutsapo mofulumira pomwe ine ndimaona kuti ndi pamtima pa nkhaniyi. Pamenepo njira zimapatukana. Wina amatsika ndi glycolysis, wina amasungidwa ngati glycogen kapena trehalose, wina amamangira khoma, ndipo wina amalowa njira ya pentose phosphate. Njira yomalizayi sipanga ATP mwachindunji. Imapanga NADPH, iwiri pa glucose-6-phosphate mmodzi, ndi shuga wa makaboni 5 womangira DNA.

NADPH n'chiyani kwa fangayi? Selo ya mpunga ikazindikira mlendo imamuthira hydrogen peroxide ndi zina zowotcha za mtundu womwewo. Fangayi amazimitsa zimenezo ndi glutathione, ndipo glutathione akagwira ntchito amabwezeretsedwa ndi NADPH. Shuga yemwe fangayi waba m'selo ya mpunga ndi yemwe amamutchinjiriza ku chitetezo cha selo yomweyo. Richard Wilson, yemwe anapitiriza kafukufukuyu ku University of Nebraska, anaonetsa mu 2007 kuti enzyme ya Tps1, yomwe tinkaidziwa ngati yopanga trehalose basi, imayezanso kuchuluka kwa glucose-6-phosphate n'kutsegula njira ya pentose phosphate. Fangayi wopanda Tps1 sadwalitsa mpunga, ndipo mu mbale ya labu sakula pa nitrate, chifukwa kusandutsa nitrate kukhala chakudya kumafuna NADPH. Gulu lomwelo litachotsa transketolase, enzyme yolumikiza njira imeneyi ndi glycolysis, fangayi anaboola khungu bwinobwino koma anaima m'maselo oyambirira, ATP itachepa.

MlangiziWaDambo
Zimenezi zikugwirizana ndi zooneka m'munda. Masiku awiri kapena atatu oyamba tsamba limaoneka labwinobwino, chifukwa fangayi akudya m'selo yamoyo osaipha. Mabala amaoneka tsiku lachinayi kapena lachisanu, osongoka mbali zonse ziwiri, otuwa pakati, m'mphepete mofiirira. Mlimi akamaona bala ndiye kuti fangayi wadya kale masiku angapo, ndipo usiku wa chinyezi bala limodzi limatulutsa timbewu masauzande. Chenjerani osasokoneza ndi brown spot wa Bipolaris oryzae, yemwe mabala ake ndi ang'onoang'ono ozungulira ndipo amakonda mpunga wa pa nthaka yoguga. Zikakayikitsa, masamba apite kwa akatswiri a mpunga monga a ku Lifuwu ku Salima musanagule mankhwala.

Soya_Mchinji
Pepani ndipatukeko pang'ono. Dzimbiri la soya limadya mofanana? Ndinamva kuti silimera mu mbale ya labu.

NamadziLab
Silimera pa PDA, chakudya cha mbatatesi ndi glucose chokulitsira fangayi mu mbale, n'zoona. Fangayi wa dzimbiri amafuna selo yamoyo mpaka mapeto. Amalowetsa kachiwalo koyamwira kotchedwa haustorium, kamene kamaboola khoma la selo koma osang'amba khungu lamkati. Pa Uromyces fabae, dzimbiri la nyemba za faba, anapeza mu 2001 kuti khomo lokokera glucose ndi fructose, HXT1, lili pa haustorium pokha. Shuga akalowa, wambiri amasandutsidwa mannitol, yemwe amasungidwa m'timbewu komanso amathandiza kuzimitsa zowotcha zija.

Wa chimanga, Ustilago maydis, uja wotupitsa njere n'kudzaza ufa wakuda mkati, ali ndi njira ina. Ali ndi khomo lotchedwa Srt1 lomwe limakoka sucrose wathunthu osamudula, ndipo limamugwira mwamphamvu kuposa khomo la chimanga chenichenicho. Ubwino wake kwa iye ndi woti kunja kwa maselo sikuunjikana glucose, yemwe akanadzutsa chitetezo cha mbewu. Srt1 ikachotsedwa, zotupa zimachepa kwambiri.

DimbaLaGogo
Ngati zili choncho, ndiye kuti mbewu ya shuga wambiri ndi yomwe imadwala kwambiri. Ena amapopera madzi a shuga kapena molasesi pa masamba ati kulimbitsa mbewu. Si kudyetsa mdani kumeneko?

MlangiziWaDambo
Pa mpunga musapopere zimenezo. Palibe chomwe mupindule, ndipo mukuitana nyerere ndi chuku chakuda pa masamba.

AphunzitsiABio
Pa kupopera ndikugwirizana ndi alangizi, koma mfundo yoti shuga wambiri ndiye matenda ambiri siigwira paliponse. Horsfall ndi Dimond anagawa matenda pawiri kale mu 1957. Ena, monga dzimbiri ndi powdery mildew, amakonda masamba a shuga wambiri. Ena, monga Alternaria wa tomato ndi mbatatesi, amalusa masamba akatha shuga, n'chifukwa chake amayambira masamba akale a m'munsi ndipo amakula tomato akabereka kwambiri. Chifukwa chake n'choti mbewu nayonso imafuna shuga kuti idziteteze. Kulimbitsa khoma, kupanga mankhwala opha fangayi, zonsezo zimalipiridwa ndi ATP ndi NADPH za mbewuyo. Onse awiri akukanganira shuga yemweyo.

DimbaLaGogo
Nanga bwanji mpunga wothiridwa urea wambiri ndi womwe umapsa kwambiri ndi blast? Urea si shuga.

MlangiziWaDambo
Zifukwa zilipo zingapo bambo. Nayitirojeni wochuluka amapangitsa masamba kukhala ofewa, a silicon wochepa pa khungu, ndiye kamsomali kaja kamaboola mosavuta. Mapesi amathithikana, mame amachedwa kuuma, ndipo kambewu kamafuna tsamba likhale lonyowa maola ambiri motsatizana kuti kamalize kumanga kachotupa. Komanso fangayi sangakule ndi shuga yekha, amafuna nayitirojeni womangira mapuloteni, ndipo m'tsamba lotere ma amino acid ali mbwee. Gawani urea kawiri kapena katatu m'malo mothira yense kamodzi, ndipo munda wothirira usaume madzi. Mpunga wosowa madzi umagwidwa msanga kuposa wokhala m'madzi a masentimita 5 mpaka 10. Nyengo yoopsa ndi ya mitambo, mvula yowaza, ndi kutentha kwa pakati pa 24 ndi 28 °C.

MsikaWaZaulimi
Tibwerere ku azoxystrobin, chifukwa kwa ife ogulitsa madandaulo ake ndi amenewo. Munthu amabwera ngala zitayera n'kufuna botolo lomupulumutsa. Tifotokozereni bwino kuti tizikhala ndi chowauza.

NamadziLab
Azoxystrobin amakhala pa cytochrome b mu complex III, pamalo otchedwa Qo, n'kutseka ma electron kuti asadutse. Gwero lake ndi bowa wamng'ono womera pa zibalobalo za paini, Strobilurus tenacellus, momwe asayansi a ku Germany anapezamo strobilurin mu 1977. Wachilengedweyo amawonongeka msanga padzuwa, ndiye anamukonza, ndipo azoxystrobin anayamba kugulitsidwa mu 1996.

Kumbukirani 2 ndi 30 za aphunzitsi. Kambewu komwe kakumera kakuwotcha mafuta, ndipo kalibe kolowera kwina. Mukatseka complex III nthawi imeneyo, kamafa kasanamange kachotupa. Ulusi womwe wakhazikika kale mkati mwa tsamba kapena khosi uli pakati pa shuga wambiri, ndipo mankhwala oufikira ndi ochepa poyerekeza ndi omwe ali pamwamba. Ungafooke, koma kuwononga kwachitika kale. Pa khosi n'poipitsitsa chifukwa m'menemo ndi modutsa sucrose yense wopita ku njere kukasanduka sitachi. Khosi likawola msanga, mumakolola mankhusu okhaokha.

MlangiziWaDambo
Choncho nthawi ndi iyi: koyamba mpunga uli ndi mimba, ngala zoyamba zitangoyamba kusuzumira, ndipo ngati nyengo ndi yoipa kachiwiri patapita masiku 5 mpaka 7, ngala zambiri zitatuluka koma khosi likadali lanthete. Mlingo tsatani wa pa lebulo, osachepetsa pofuna kuti botolo likwanire munda wonse.

Wa_ku_Chipata
Pali cinthu cimodzi simunachule, alternative oxidase. Magnaporthe ali nayo. Complex III ikatsekedwa, ma electron amalumpha kucokera pa ubiquinone kupita ku okosijeni mwacindunji. Ndiye kunena kuti kambewu kalibe kolowera si zoona kwenikweni.

NamadziLab
Ali nayo ndithu achimwene, koma werengani phindu lake. Njira imeneyo imadumpha complex III ndi IV, kutsala complex I yokha yopopa. Ma proton 4 m'malo mwa 10 pa NADH imodzi, ndipo ma electron ochokera ku complex II sapopa kalikonse. Ulusi wa mu mbale, wokhala pa shuga wambiri, umapulumuka nazo. N'chifukwa chake poyesa mankhwala a gulu limeneli mu labu timathira SHAM, pafupifupi 100 µg pa mililita, kuti titseke alternative oxidase. Mukaiwala, fangayi amaoneka ngati sakumva mankhwala pomwe m'munda akumva. Pa tsamba lenileni ofufuza a ku Japan anaonetsa kuti ma flavonoid a mpunga amalepheretsa njira imeneyi kutseguka.

Wa_ku_Chipata
Cabwino, koma kusamva kwenikweni kulipo, ndipo kwa ife ku Zambia si nkhani yakutali. Wheat blast, mtundu wa fangayi yemweyu wogwira tirigu, unayambira ku Paraná ku Brazil mu 1985, unafika ku Bangladesh mu 2016, ndipo unapezeka ku Mpika m'nyengo ya 2017 mpaka 2018 pa tirigu wodalira mvula. Ku Brazil ambiri mwa fangayi ameneyu ali ndi kusintha kwa G143A.

Mphukira_26
G143A ndiye chiyani?

AphunzitsiABio
Pa malo a nambala 143 mu cytochrome b, amino acid ya glycine yalowedwa m'malo ndi alanine. Alanine ndi wokulirapo pang'ono, wokwanira kutchinga mankhwala kuti asakhale pamalo pake, koma ma electron amadutsabe. Fangayi amapuma bwinobwino. Choopsa n'choti kusinthaku kumagwetsa gulu lonse nthawi imodzi, azoxystrobin, pyraclostrobin, trifloxystrobin, ndipo kuwonjezera mlingo sikuthandiza. Pali kwina, F129L, komwe kumangochepetsa mphamvu ya mankhwala. Pa mpunga G143A inapezekanso ku Japan.

MsikaWaZaulimi
Ndiye kusinthasintha maina a mabotolo n'kosathandiza ngati nambala ya gulu ndi imodzi. Yang'anani pa lebulo nambala ya FRAC, bungwe logawa mankhwala a fangayi m'magulu malinga ndi momwe amagwirira ntchito. 11 ndi ma strobilurin a complex III. 7 ndi ma SDHI, monga boscalid, fluxapyroxad ndi carboxin wakale wothira ku mbewu, omwe amatseka succinate dehydrogenase. 3 ndi ma triazole monga tebuconazole ndi difenoconazole. Langizo la FRAC n'lakuti gulu 11 likakhala lokha lisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a kupopera konse kwa nyengoyo, ndipo likakhala losakaniza ndi gulu lina lisapitirire theka.

AphunzitsiABio
Succinate dehydrogenase ndi yomwe ija complex II. Ili m'njira ya Krebs komanso m'njira ya ma electron, ndiye kuitseka kumaimitsa zonse ziwiri. Ma triazole okha sakhudza mphamvu, amaletsa kupanga ergosterol wa pa khungu la selo, n'chifukwa chake amagwirako ntchito pa ulusi womwe ukukula kale.

NamadziLab
Onjezani tricyclazole, yemwe ndi wa blast weniweni. Iye sapha fangayi n'komwe, mu mbale amakula bwinobwino, kungoti amasintha mtundu kuchoka pa kuda kukhala wofiirira. Amatseka kupanga melanin. Popanda melanin glycerol amatayikira kunja, mphamvu yokankha sikwera, ndipo kambewu kamamaliza kamba wake pamwamba pa tsamba osalowa. Kumupopera fangayi atalowa kale n'kutaya ndalama.

Nkhokwe13
Ine ndikufuna ndikumbutse kuti kupuma komweku n'komwe kumawononga zokolola mosungira, ngakhale kumeneko olakwa ndi Aspergillus ndi Penicillium, osati Magnaporthe. Magalamu 180 a glucose akawotchedwa amadya magalamu 192 a okosijeni, n'kutulutsa magalamu 264 a carbon dioxide, magalamu 108 a madzi, ndi mphamvu pafupifupi 2,800 kJ, yomwe yambiri imathera ku kutentha. Chuku chikayamba pa kona imodzi ya thumba chimadzipangira chokha madzi ndi kutentha, n'kufewetsa njere zoyandikana nazo. Mukalowetsa dzanja m'thumba n'kumva kufunda, njere zikumatirirana, chayamba kale. Mpunga wosapuntha uume kufika 14 peresenti kapena kutsikirapo, chimanga 13. Matumba a PICS, aja osalowa mpweya, amathandiza chifukwa okosijeni amatha mkatimo, koma mukatsekera njere zonyowa, yisiti ndi mabakiteriya osafuna mpweya amayamba kufulula ndipo zonse zimasasa.

Soya_Mchinji
Aflatoxin, poizoni wa chuku wa mu mtedza, naye amachokera ku shuga?

Nkhokwe13
Inde, modutsira pa acetyl-CoA yemwe uja. Aspergillus flavus amalumikiza tizidutswa ta makaboni awiriawiri kupanga aflatoxin, mofanana ndi momwe Magnaporthe amayambira kumanga melanin. Zonse ziwiri ndi za banja la polyketide.

Mphukira_26
Zikomo nonse. Ndikufuna kuyesa mu labu ya kusukulu kuti fangayi ameneyu amakula bwanji pa shuga wosiyanasiyana. Ndingagwiritse ntchito PDA?

NamadziLab
PDA ndi wosungira basi. Mbatatesi magalamu 200 yowiritsa n'kusefa, glucose magalamu 20, agar magalamu 15 pa lita imodzi, kuphika pa 121 °C kwa mphindi 15. Koma ali kale ndi shuga ndi sitachi, ndiye simungadziwe kuti fangayi wadya chiyani. Pangani minimal medium wa mchere ndi nitrate, kenako muthire chakudya chimodzi chokha pa magalamu 10 pa lita: glucose, sucrose, xylose, kapena acetate. Siyani mbale zina zopanda chakudya chilichonse, chifukwa agar wamba amakhala ndi tizakudya tochepa ndipo fangayi amayala ulusi wopyapyala ngakhale pamenepo.

Zolakwika zofala ndi ziwiri. Choyamba, kuphika shuga pamodzi ndi phosphate. Madzi amasanduka ofiirira ndipo mumatuluka zinthu zolepheretsa kukula, makamaka pa xylose ndi fructose. Phikani shuga payekha kapena musefe ndi sefa ya 0.22 µm, muphatikize zitazizirako. Chachiwiri, kuyeza kukula ndi rula. Pa chakudya chochepa ulusi umathamanga kutali uli wopyapyala, ndipo mbale yosauka imaoneka ngati yapambana. Mukafuna zoona, kulitsani m'madzi pa 25 °C, sefani ulusi, umitsani pa 60 °C mpaka kulemera kusiye kusintha, muyeze pa sikelo.

Yesaninso glucose wosakaniza ndi xylose kapena xylan. Glucose akakhalapo, fangayi amatseka majini a ma enzyme ogaya khoma la selo, monga xylanase ndi cellulase, mpaka glucose atathe. Khoma la mpunga lili ndi xylan wambiri, ndipo xylose wotuluka m'menemo amasandutsidwa xylitol, kenako xylulose, n'kulowa m'njira ya pentose phosphate. Zimenezi zimafunika kwambiri kumapeto, fangayi akayamba kupha maselo ndi kudya makoma ake, komanso akamakhala m'mapesi otsala m'munda kudikira nyengo ina.

AphunzitsiABio
Ngati muli ndi maikulosikopu, mphamvu ya kachotupa mungathe kuiyezanso. Pezani timbewu pa oatmeal agar woikidwa powala, tikhale 50,000 pa mililita, mudonthezere pa galasi kapena pulasitiki yosagwira madzi, musunge m'chidebe cha chinyezi maola 24. Kenako chotsani madziwo muthire glycerol wa 1, 2, 3 ndi 4 molar pa magalasi osiyana. Pakatha mphindi 10 werengani tizotupa 100 pa lililonse, muone tingati tafwapa. Pamlingo womwe theka lafwapa, ndi pomwe glycerol wakunja wafanana mphamvu ndi wamkati.

NamadziLab
Ndipo musamamusamutse mbale ndi mbale kwa miyezi, amasiya kubala timbewu ndipo amafooka podwalitsa. Ikani tizidutswa ta filter paper tophikidwa pa mbale, ulusi ukatikuta muumitse bwinobwino, musunge pa -20 °C. Mbale zonse zakale ziphikidwe mu autoclave musanataye, makamaka ngati sukulu yanu ili pafupi ndi minda ya mpunga.